Mutu 4: Chingwe cha a Qurban

1. Galimoto yokwera khoma

"Iyi? Iyi ikhoza kukwera khoma la nyumba n'kutsikira kuseri, tiyi ali m'kapu osatayika ndi dontho lomwe!"

Gulnar anawamva mawuwa asanalowe n'komwe pa geti la a Haji Mehboob, ogulitsa magalimoto ku Gilgit. Sanachite kusuzumira kuti adziwe mwini mawu. Anali amalume ake, a Dilawar Baig, amene anali atangobwera kuchokera ku Dubai patatha zaka makumi awiri ndi ziwiri. Chitsikireni ndege, panalibe chinthu pansi pano chimene a Dilawar sankachidziwa. Iwo ankati kumeneko anali mkulu woyang'anira magalimoto a mabwana. Ena amene anafikako ankati zimenezo n'zoona ndithu: ankawayang'anira ali pa geti, akamalowa ndi kutuluka.

Pa tayala lakutha pafupi ndi getilo panakhala makaniko wokalamba, a Fida, akuuzira tiyi.

"Makoma a ku Dubai ayenera kuti ndi aafupi," anatero a Fida, akuuza kapu yawo.

Gulnar anabisa kuseka ndi mpango wake n'kulowa. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, laisensi ya miyezi isanu, ndi kathumba kansalu kamene amayi ake anamusokerera mkati mwa malaya. M'kathumbamo munali ndalama za ng'ombe zisanu ndi imodzi ndi mbatatesi ya chaka chonse. Kwawo ku Bashkhun kunalibenso china choti n'kugulitsa.

Nkhani yake inali iyi. Bambo ake, a Qurban, anayendetsa jipi yokhayo ya m'mudzimo kwa zaka makumi awiri, mpaka ng'ala inayamba kuwaphimba maso. Chaka chathachi phiri linagumuka n'kukwirira jipiyo ili chiimire, mwendo wa a Qurban n'kuthyokera pomwepo. Chiyambire pamenepo galimoto sinafikenso ku Bashkhun. Madalaivala a kumunsi ankathera pa mlatho wa zingwe, ndipo kuchokera pa mlathopo kukafika kumudzi unali ulendo wa maola atatu wapansi, chitunda chokhachokha.

Tsopano ku Gilgit kunali kutabwera madokotala ochotsa ng'ala, a sabata imodzi yokha. Ankapakira Loweruka madzulo, ndipo tsikuli linali Lachitatu. Akanawaphonya, chipale chofewa cha nyengo yozizira chikanatseka msewu, a Qurban n'kukhala mumdima chaka china chathunthu.

Anthu a m'mudzi anadzipereka kuti awanyamule pa machira mpaka pa mlatho. A Qurban anakana.

"Machira ndidzakwera kamodzi kokha," anatero, "ndipo tsiku limenelo sindidzakhala ndi chonena."

Choncho panafunika galimoto yoti ikafike mpaka kumudzi. Ndalama zinali za galimoto imodzi, ndipo wosankha anali Gulnar.

2. Mfundo ziwiri

M'mawa wa tsiku limene Gulnar ananyamuka kumudzi, bambo ake anamutuma kuti atsegule bokosi lachitsulo limene ankasungamo masipanala. Pansi penipeni panali chingwe cha ubweya wa mbuzi, chakuda ndi mafuta a injini, chokhala ndi mfundo kuno ndi uko.

A Qurban anachipapasa ndi zala mpaka anapeza mfundo zonse ziwiri.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero. "Kumene ukupitako anthu ake ndi okoma pakamwa. Akakupatsa tiyi wa shuga wambiri, akakutchula kuti mwana wawo, akakutsegulira chitseko cha galimoto ngati ndiwe mkazi wa nduna. Tiyiyo ukamwe, usakachite mwano. Koma galimoto sagula ndi makutu.

"Ukayambire pansi. Ukagone chagada pafumbi, anthu akuona, ukalowe kunsi kwake. Zovala timachapa. Ukaone chimene chikulendewera, chifukwa chilichonse cholendewera kunsi kwa galimoto ndi cha miyala ya ku Bashkhun, idzachitenga tsiku loyamba. Kenako ukatsegule boneti. Ukapeza injini yotsekeredwa moti dzanja lako silingalowe, ukadzifunse kuti ikadzadwala pa khona la Chigongono paja, phompho lili apa, phiri lili apa, udzaitana ndani. Kuno kulibe makina opimira galimoto. Kuli sipanala, waya ndi pemphero. Ukafunefunenso kagiya kakafupi kaja, kokoka matayala onse anayi pang'onopang'ono ngati ng'ombe yolima. Msewu uno sufuna liwiro. Amene anathamangapo ali mumtsinje, ndipo sanabwere kudzatiuza kuti kunali bwanji.

"Zonsezi ukhoza kuiwala, ndiwe mwana. Koma chingwe ichi chokha usakaiwale. Tsiku limene anamaliza kumanga mlatho uja ndinakayeza ndekha pakati pa zipilala ziwiri zamiyala zimene zagwira zingwe zake. Mfundo iyi ndi chipilala cha kumanja, iyi ndi cha kumanzere. Galimoto imene yapyola mfundozi, ngakhale ndi chala chimodzi, si yathu, kaya ikhale yagolide. Pamsika chilichonse amanenerera. Wogulitsa amatsitsa, wogula amakweza, mpaka mugwirane chanza. Koma mwala sunenereredwa."

Amayi ake a Gulnar, amene ankaphika mkate wa paulendo, anaponyapo awo.

"Ndipo ukawamvere amalume ako. Iwo aona dziko."

"Ukawalemekeze ndithu," anatero a Qurban. "Akamalankhula, iwe uzikagwedeza mutu. Koma kathumbako akusokerera m'malaya mwako, osati mwawo."

3. Zala zinayi

Pakati pa bwalo la a Haji Mehboob panaima magalimoto awiri oyera, akuluakulu, ofanana ngati mapasa. Ankanyezimira moti Gulnar anadziona nkhope pa chitseko, pamodzi ndi fumbi la masiku awiri.

"Wafika mwana wa mlongo wanga!" anafuula a Dilawar. Anali atavala zoyera kuyambira m'khosi mpaka m'miyendo, ndi nsapato zosongoka. "Bwera uone. Iyi ndalipira kale m'mawa uno, ndi yanga. Inayo ndi yako. Ndalankhula ndi a Haji, ntchito yonse ndakugwirira."

A Haji Mehboob anaika dzanja pamtima.

"Poti mukugula awiri, mwana wanga, ndatsitsa mpaka mkazi wanga akandikalipira. Ndalama zimene uli nazo zikwana. Khala mkatimo, uimve."

Anamutsegulira chitseko. Tiyi anabwera, wa shuga wambiri.

Gulnar anakhala pa mpando wa dalaivala. Unali wofewa ngati mtanda wa mkate. A Dilawar anadina kabatani, ndipo posakhalitsa mpandowo unayamba kutentha kunsi, pang'onopang'ono, ngati mwala umene waotha dzuwa tsiku lonse.

Apa m'pamene mtima wake unagwedezeka. Kunyezimira sikunamukope kwenikweni. Chimene anakumbuka ndi mwendo wa bambo ake, mmene umawawira kukazizira, ndi mmene amausisitira mwakachetechete poganiza kuti palibe akuona. Maola asanu ndi atatu a msewu pa mpando wotentha chonchi! Anatsala pang'ono kupisa dzanja m'malaya.

M'malo mwa kathumba, dzanjalo linakhudza chingwe.

Anatsika, n'kumanga mpango wake bwino, n'kugona chagada pafumbi.

"Iwe! Dzuka!" anakuwa a Dilawar. "Wagwa? Ukutichititsa manyazi pamaso pa anthu!"

Koma Gulnar anali atalowa kale kunsi, kunja kutangotsala nsapato. Anyamata otsuka magalimoto anasiya ndowa zawo n'kubwera kudzaonerera. Kunsiko anapeza zopondera zazitali mbali zonse ziwiri, zolendewera pafupi ndi dothi, ndi zikuto za pulasitiki zomangidwa ndi timisomali tating'ono. Atatuluka anatsegula boneti. Injini inali yovindikiridwa bwinobwino, yaukhondo, yopanda polowetsa dzanja.

Kenako anatulutsa chingwe chija.

"Agogo," anatero kwa a Fida, "mungandigwirire mbali iyi?"

A Fida anaika kapu pansi, n'kuchiyang'anitsitsa chingwecho.

"Ichi n'cha Qurban wa ku Bashkhun," anatero. "Anabwera nacho pano ndevu zanga zikadali zakuda. Ndiwe mwana wake? Bweretsa."

Anachikoka kutsogolo kwa galimotoyo. Mfundo ya a Fida inali m'mphepete. Ya Gulnar inaperewera.

A Dilawar anaseka, n'kudina kabatani kena. Magalasi a m'mbali anadzipinda okha ngati makutu a mphaka.

"Yezanso tsopano, mwini chingwe!"

Anayezanso. Inaperewerabe ndi zala zinayi.

"Zala zinayi!" A Dilawar anatembenukira gulu lija, manja ali m'mwamba. "Mwamva? Mwana akukana galimoto ya mafumu chifukwa cha zala zinayi za chingwe cha mbuzi! Mlatho umenewo ndinauoloka mwezi watha ndi miyendo yangayi. Ndinauyeza ndi maso. Maso anga ndi tepi, funsani ku Dubai. Pamenepo ikhoza kudutsa ndi basi yomwe."

Gulnar anagwedeza mutu, monga anamuuzira bambo ake. Kenako anafunsa a Fida ngati panalinso galimoto ina.

Inalipo, kuseri, pafupi ndi mulu wa matayala. Inali jipi yobiriwira, yaifupi, ya denga la tenti lokhala ndi zigamba zitatu. Pa mpando wakutsogolo panali nkhuku, ndipo inachoka monyinyirika, n'kusiya dzira.

Gulnar anagonanso pansi. Kunsi kwake kunali kwapatali ndi dothi, kopanda cholendewera, chitsulo chokhachokha. Mu boneti dzanja linkalowa mpaka m'chigongono. Pambali pa giya yaikulu panali kagiya kakafupi kaja, mutu wake utasalala ndi manja a anthu. Chingwe chinakwana, n'kutsalako chikhato chathunthu.

"Injiniyi ndinaimasula ndekha chaka chatha," ananong'ona a Fida. "Nkhope ndi yoipa, koma mtima ndi wa mnyamata. Matayala akumbuyo okha ndi amene atha. Usawauze a Haji kuti ndakuuza."

Jipiyo inalira pa ulendo wachiwiri. Gulnar anaizungulitsa bwalo, n'kuikweza pa mulu wa miyala wa kuseri ndi kagiya kakafupi kaja. Inakwera ikung'ung'udza, osabwerera m'mbuyo.

"Nditenga iyi," anatero.

A Haji Mehboob anaoneka ngati amva uthenga wa maliro.

"Mwana wanga, ukusiya kavalo n'kugula bulu?"

"Kwathu kavalo amathera pa mlatho, a Haji. Bulu ndi amene amafika pakhomo."

Anyamata aja anaseka, ndipo kuseka kumeneko n'kumene kunawapsetsa mtima a Dilawar. Anakwera pa chopondera cha galimoto yawo kuti aoneke bwino.

"Tamverani nonse muli pano! Chitini ichi chikakaoloka mlatho, yanga n'kukanika, ine Dilawar Baig ndidzawabereka alamu anga kumsana kuchokera pakhomo pawo mpaka pamsewu, mudzi wonse ukuona!"

Kuchokera pakhomo pa a Qurban kufika pamsewu panali masitepe amiyala zana limodzi ndi makumi anayi. A Dilawar anali asanawawerengepo.

"Ndamva," anatero a Fida, akutola kapu yawo. "Ndipo Qurban ndamusowa. Mwanawe, m'galimoto mwakomo muli malo a nkhalamba imodzi?"

4. Pa mlatho

Ananyamuka Lachinayi kum'bandakucha, jipi itavala matayala awiri atsopano kumbuyo.

Pa msewu wa tala galimoto yoyera inangoti psuu, osaonekanso. Gulnar ankaipeza itaima pa malo omwera tiyi, a Dilawar atakhala mwendo pamwamba pa unzake.

"Mwafika? Ndimati nditumize anthu akakufuneni. Kodi mukuikankha?"

"Tikubwera, amalume," ankayankha Gulnar.

Zinachitika chonchi kawiri. M'jipimo mphepo inkalowera pa zigamba, mpando unkabaya, ndipo nthawi iliyonse galimoto yoyera ikamawadutsa Gulnar ankakumbuka kutentha kuja.

"Agogo," anafunsa, "kodi chingwe sichifupika chikakalamba?"

"Chimafupika," anatero a Fida. "Koma osati ndi zala zinayi."

Tala atatha, msewu unasanduka kanjira kosemedwa m'phiri, mtsinje ukulira pansi patali. Atayenda ola limodzi anapeza chitsulo chachitali chonyezimira chili pakati pa njira. Chinali chopondera cha galimoto ya a Dilawar. A Fida anatsika, n'kuchitola, n'kuchiponya kumbuyo.

"Miyala yayamba kulandira zake," anatero.

Anafika pa mlatho dzuwa litapendeka. Kutsidya kunali anthu a ku Bashkhun okwana makumi awiri, amene anatsika kudzachingamira galimoto yatsopano. Tsidya lino kunali galimoto yoyera, mphuno yake ili pakati pa zipilala, ndipo pa chipilala cha kumanja panali mzere wa penti yoyera umene kale panalibe.

A Dilawar anali kunja. Ankapita kumanja n'kutsinzina diso limodzi, kubwerera kumanzere n'kutsinzina linalo.

"Zipilalazi azisuntha," anatero. "Mwezi watha sizinali chonchi."

"N'kutheka," anatero a Fida. "Miyala ya masiku ano ndi yosakhulupirika."

"Tikangogumula pang'ono apa..."

"Mukagumula pamenepo, bwana, mlatho wonse ukakupezani kumtsinje!" anakuwa munthu wina ali kutsidya.

Panatenga nthawi kuti galimoto yoyera ibwerere m'mbuyo n'kupatuka. Kenako inafika nthawi ya Gulnar. Mlathowu anauolokapo kambirimbiri atakhala pambali pa bambo ake, koma chiwongolero chili m'manja mwake anali asanauolokepo.

A Fida anatsogola wapansi, akuyenda chafutambuyo, akumukodola ndi zala. Gulnar analowetsa kagiya kakafupi. Zipilala zinadutsa, china kuno, china uko, pafupi moti akanatha kuzikhudza. Matabwa anayamba kulira pansi pa matayala, gudugudu, limodzilimodzi. Mlatho unanjenjemera, n'kuyamba kuyendayenda ngati mwana akumuguguza. Gulnar sanayang'ane madzi. Anayang'ana zala za a Fida basi, mpaka anamva matayala akutsogolo akuluma dothi.

Kutsidyako kunabuka chiphokoso. Amayi ena anamupsompsona m'manja, ana akulimbirana kukwera kumbuyo.

Gulnar anazimitsa injini n'kutsika. Anthu ankaganiza kuti alankhulapo kanthu. Iye anaolokanso mlatho wapansi, kubwerera kumene kunali amalume ake. Anawapeza ataima pafupi ndi galimoto yawo, akupukuta pokalika paja ndi kansalu, ngati penti ibwerera.

"Amalume," anatero motsitsa mawu, "kukuzizira. Tiyeni. Mpando wakutsogolo ndi wanu."

Anawanyamulira sutikesi. A Dilawar anakhoma galimoto yawo, n'kuyesa zitseko zonse kawirikawiri, n'kumutsatira. Njira yonse yokwera ku Bashkhun anakhala atafungatira sutikesiyo pamiyendo. Chitsikireni ndege, aka kanali koyamba kuti akhale ola lathunthu osaphunzitsa munthu kanthu.

5. Masitepe zana limodzi ndi makumi anayi

Lachisanu m'mawa, dzuwa lisanafike m'chigwa, madenga a nyumba za ku Bashkhun anali atadzaza anthu. A Fida sanauze munthu aliyense za lonjezo lija, kupatula amene anakumana nawo.

Gulnar anawapeza amalume ake kuseri kwa nyumba akusamba m'maso.

"Amalume, zija zinali nthabwala za pamsika. Anyamata alipo, awatsitsa ababa mowagwirizira. Musadzivutitse."

A Dilawar anapukuta nkhope, n'kuvula nsapato zosongoka zija, n'kuziika bwinobwino pakhoma. Analowa m'nyumba ndi masokosi okha, n'kugwada kutsogolo kwa a Qurban, atawafulatira.

"Alamu, kwerani."

A Qurban anatambasula dzanja n'kupapasa msanawo.

"Machira ndinakana," anatero. "Koma awa si machira. Awa amalankhula."

Anatuluka, a Qurban atakoleka manja m'khosi mwa mlamu wawo, mwendo wodwala ukulendewera. Gulnar ankatsatira pambuyo, manja ali chire. Ana a pa madenga anayamba kuwerenga masitepe mokweza, koma pofika pa makumi atatu amayi awo anawaletsa. Panalibenso amene ankaseka. Kunkangomveka kupuma kwa a Dilawar.

Pa sitepe ya makumi asanu ndi awiri anaima n'kutsamira khoma. Zovala zoyera zija zinali zitanyowa, sokosi imodzi itabooka, chala chachikulu chili pamtunda.

"Nditsitse, upume," anatero a Qurban.

"Ayi."

"Iwe unkalemera kuposa pamenepa, ukudziwa?"

A Qurban anakweza mawu kuti a pa madenga amve.

"Ana inu simukudziwa. Zaka makumi atatu zapitazo kuno kunalibe msewu, kunalibe mlatho. Uyu anali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu, mimba itamutupa, thupi likutentha ngati ng'anjo. Ndinamubereka masiku awiri mpaka kuchipatala cha kumunsi. Musandiyamikire, ndinkafuna mlongo wake. Ankalemera ngati thumba la mbatatesi, ndipo njira yonse ankandiuza kuti ndikuyenda molakwika."

Anthu anaseka, koma mofatsa.

"Sindinaiwale, alamu," anatero a Dilawar, nkhope itayang'ana khoma. Mawu awo anali aang'ono, osiyana ndi a pa bwalo la a Haji. "Zaka zonse zija ndili pa geti, dzuwa likundiwotcha, ndinkati tsiku lina ndidzabwera ndi galimoto yaikulu kuposa onse amene ndimawatsegulirawa. Ndidzakunyamulani pakhomo ngati mfumu. Ndalama iliyonse ndinkasungira zimenezo."

Gulnar anayang'ana pansi. Mawu akuti geti anali asanatulukepo pakamwa pa amalume ake.

"Ndiye ukudandaula chiyani?" anatero a Qurban. "Si ukundinyamula pakhomo? Tiye, mfumu ikuchedwa."

Masitepe otsalawo anawatsika osaimanso. Pofika pamsewu a Dilawar anawakhazika alamu awo pa mpando wa jipi mosamala ngati akuika dzira, kenako iwo anakhala pansi pafumbi, zoyera zili choncho.

A Qurban anakweza dzanja.

"Nonse muli pano ndinu mboni. Ndinamubereka, wandibereka. Pakati pa ine ndi Dilawar palibenso ngongole."

"Ndamva," anatero a Fida.

Kenako a Qurban anayamba kuiona jipiyo ndi manja. Anapapasa chiwongolero, zigamba za denga, mpaka anapeza kagiya kakafupi kaja n'kukagwira ngati akupereka moni.

"Unagona pansi?"

"Kawiri, ababa."

"Anakuseka?"

"Kwambiri."

"Ndiye wagula bwino."

Gulnar anawabwezera chingwe chija. Iwo anachikankhira m'manja mwake.

"Panali ina ya mpando wotentha, ababa," anatero Gulnar. "Ndinaifuna chifukwa cha mwendo wanuwu. Ndinatsala pang'ono."

"Bwenzi pano mpandowo ukutenthera pa mlatho, ine ndikuzizidwa kuno," anatero a Qurban. "Liza injini."

A Dilawar anadzuka, n'kuvula chijasi chawo cha ku Dubai, n'kukulunga nacho mwendo wa alamu awo. Anakwera kumbuyo pamodzi ndi a Fida ndi chopondera chija, nsapato ataziiwala pakhoma.

Anatsika bwino ola loyamba. Kumwamba kunali kutachita mitambo yotuwa, ndipo a Qurban, ngakhale sankaona, ankatchula khona lililonse lisanafike. A Dilawar anali atapezanso mawu, akufotokozera a Fida kuti jipi zoterezi iwo anazidziwa kalekale kuti n'zolimba.

Atayandikira pa Chigongono, pamene msewu umapindika phompho lili kumanzere, dzanja la a Qurban linagwira la Gulnar pa giya.

"Ima. Zimitsa injini."

Gulnar anazimitsa. Kumbuyo nakonso kunati zii. A Qurban anapendeketsa mutu, khutu litaloza kumwamba kwa phiri.

Pa denga la tenti panagwa kamwala. Kenako kena. Kenako tiwiri.

"Mwana wanga," anatero a Qurban, mawu ali phee, "kuyenda chafutambuyo unakuphunzira mpaka pati?"